Chiwindi chonona mwa bambo osalawa mowa, ndi uphungu wanga woyamba umene unaphonya

Nkhani iyi ndakhala nayo chaka chathunthu, ndimadikira ndione kaye kuti itha bwanji ndisanailembe. Ndine clinical officer pa kakiliniki kena kuno ku Lilongwe, ndipo ndikulembera makamaka anzanga amene timakhalira kuona anthu a BP ndi shuga, anamwino, ndi a zakadyedwe omwe. Eni nkhani anavomera kuti ndilembe bola dzina lisatuluke, ndiye tingowatchula kuti bambo aja.

Anafika mu Malichi chaka chatha. Zaka 46, ali ndi shopu m'tauni, apabanja, ana anayi. Dandaulo lawo linali losagwirika lija timalidziwa tonse, thupi kulemera, kutopa popanda ntchito yeniyeni, tulo tamasana ali pakauntala, komanso kulemera kwinakwake mbali yakumanja pansi pa nthiti, osati kupweteka kwenikweni ayi, iwo amati ngati ameza mwala. Anali atamwa kale LA kawiri wogula pa famase osayezetsa, poganiza kuti ndi malungo, koma sizinasinthe.

Pa sikelo anali 98 kg, kutalika 1.72, ndiye BMI yawo, muyeso woyerekeza kulemera ndi kutalika, inali 33. Tepi pamimba inapereka 108 cm, pomwe kwa amuna timayamba kuda nkhawa ikangofika 94. BP 146/92, ndinabwereza atapuma, inali chimodzimodzi. Maso oyera bwinobwino opanda chikasu, miyendo yosatupa, mimba yopanda madzi, koma chiwindi chimakhudzika pang'ono pansi pa nthiti. Chimene chinandikoka maso ndi kumbuyo kwa khosi, khungu lakuda bii lokhakhala ngati litsiro lokanirira. Ndinawafunsa, anaseka, akuti mayi akunyumba akhala akuwanena kuti sasamba bwino mpaka anawagulira mwala wotsukira. Si litsiro limenelo anzanga, ndi acanthosis nigricans, chizindikiro choti thupi layamba kusamvera insulin, homoni imene imatsitsa shuga m'magazi. Ndikaliona ndimadziwiratu kuti shuga ali panjira.

Malungo panalibe. Magazi okwanira, ma platelet (tiziduswa tothandiza magazi kuundana) 230. ALT 72, AST 48, izi ndi zoyezera chiwindi zimene zimakwera chikamavulala. Shuga wa m'mawa asanadye 6.4 mmol/L, sanafike pa 7.0 poti titchule kuti matenda a shuga koma wadutsa kale pabwino. Mafuta a m'magazi, ma triglyceride 2.6, HDL (kolesterolo wabwino) 0.9, LDL (kolesterolo woipa) 3.9.

Nditangotchula mawu oti chiwindi nkhope inasintha. "Adokotala, ine mowa ndinasiya zaka eyiti zapitazo, ndine mkulu wa mpingo." Ndinawamvetsa chifukwa kwathu kuno ukati chiwindi anthu amamva kachasu basi. Ndinafunsabe mwaulemu kawiri katatu m'njira zosiyana, kenako mayi anadzatsimikiza okha kuti ndi zoona, bambowa salawa. Koma ndisanathamangire kunena za mafuta ndinayenera kuchotsa kaye zimene zimaononga ziwindi za anthu kuno. Hepatitis B, kachilombo kotupitsa chiwindi, ndiye woyamba, katemera wake analowa m'ndondomeko ya makanda m'Malawi muno mu 2002, kutanthauza kuti munthu wa zaka 46 sanabayidwe ali mwana. HBsAg, choyezera hepatitis B, inatuluka negative, hepatitis C negative, HIV negative. Ndinafunsa za kunyanja ndi kumadambo chifukwa cha likodzo la m'matumbo limene limalimbitsa mitsempha ya m'chiwindi, akuti anakulira kumtunda ndipo kunyanja amangopita kokacheza. Za mankhwala anati palibe, koma nditafunsa kuti "nanga zakumwa zotsuka m'thupi?" ndi pamene anatulutsa foni kundionetsa chithunzi cha katiyi kena ka detox kamene amagula pa WhatsApp, kopanda pepala lonena zimene zili m'kati. Ndinati asiye tsiku lomwelo. Funso ili muzilifunsa padera, anthu sawerengera zimenezi ngati mankhwala.

Sikani inaonetsa chiwindi chowala kuposa impso yakumanja, chokulirapo pang'ono, ndulu yopanda miyala, kapamba wabwinobwino, ndipo panalibe zizindikiro za likodzo. Ndiye ndi chiwindi chonona, chimene kale timati NAFLD koma kuyambira 2023 dzina linasinthidwa kukhala MASLD pofuna kuonetsa kuti gwero lake ndi kunenepa, shuga, BP ndi mafuta a m'magazi. Timatero mafuta akadutsa 5% ya chiwindi. Funso lalikulu kwa ine linali loti kodi chayamba kuchita zipsera? Kuno FibroScan, makina oyeza kulimba kwa chiwindi, siipezeka pafupi, ndiye ndinagwiritsa FIB-4, masamu oyerekeza chiopsezo cha zipsera, imene imangofuna zaka, AST, ALT ndi ma platelet, zaka kuchulukitsa ndi AST, kugawa ndi ma platelet ochulukitsidwa ndi square root ya ALT. Yawo inatuluka 1.13. Pansi pa 1.3 chiopsezo cha zipsera zazikulu n'chochepa, pamwamba pa 2.67 n'chachikulu. Ikanadutsa 1.3 ndikanawalembera kalata yopita kwa madokotala akuluakulu ku Kamuzu Central, koma apa ndinaona kuti tingathe kuyamba tokha n'kumabwereza kuyeza.

Tsopano pamene ndinalakwitsa. Linali Lolemba, panja mzere mpaka pakhonde, ndipo ndinawauza mwachidule kuti "bambo, chiwindi chanu chadzaza mafuta, siyani zamafuta, muchepetse thupi, tionane pakatha miyezi itatu." Basi. Ndinawapatsa amlodipine 5 mg wa BP atabweranso sabata yotsatira BP ikadali pamwamba, n'kutsanzikana. Ine ndinaona ngati ndagwira ntchito.

Anabwera kumapeto kwa Juni atavala jekete, nkhope yokhumudwa. Sikelo 97 kg, kilo imodzi yokha. ALT yakwera kufika 78, ma triglyceride 3.1, shuga 6.8. Iwo akuti "ndachita zonse munanena, miyezi itatu ndikudya ndiwo za chukuchuku ngati ndili kundende, ndiye zikuipiraipira bwanji?" Poyamba mumtima ndinati akunama awa, sanatsatire. Mwamwayi tsikulo kunalibe anthu ambiri, ndinawapempha kuti mawa lake abwere ndi mayi, abweretsenso botolo la mafuta amene amaphikira kunyumba.

Tinakhala pafupifupi ola lathunthu atatu. Ndinatenga pepala n'kuyamba kufunsa zimene anadya dzulo kuyambira podzuka mpaka pogona, kenako tsiku wamba la ntchito, kenako Lamlungu. Zimene zinatuluka zinandichititsa manyazi chifukwa anthuwa anamvera mawu anga ndendende. Mayi anasiyiratu kuthira mafuta m'ndiwo za nyumba yonse, ana omwe. Anasiya nsinjiro poti mtedza uli ndi mafuta. Mapeyala a mumtengo wa pakhomo pawo amangopatsa aneba. Mazira anasiya, usipa anasiya poti ukauwotcha umatuluka mafuta. Ndiye munthu ukadya nkhwani wongowiritsa ndi mchere njala siichedwa, bambo anachoka pa mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera kufika isanu madzulo. M'mawa tiyi makapu awiri, kapu iliyonse masupuni anayi a shuga, ndi buledi masilayisi sikisi wosapaka kanthu poti majarini analetsedwa. Kushopu ludzu likawagwira, botolo la zoziziritsa kukhosi, awiri patsiku, nthawi zina juwisi wa m'katoni poganiza kuti ameneyo ndiye wa thanzi.

Nanga lanchi? Apa bambo anayang'ana kumbali. Lanchi ndi pachiwaya, tsiku lililonse kupatula Lamlungu, tchipisi ndi kanyenya wa mbuzi, masiku ena zam'kati, masiku ena soseji. Mayi anatembenuka kuwayang'ana, "bambo a ana, si munkati mumadya nthochi masana?" Iwo akuti tchipisi ndi mbatata, mbatata si mafuta, ndipo nyama ya mbuzi anamva kuti ndi yabwino kuposa ya nkhumba. Sankanama dala ayi. M'mutu mwawo mawu oti mafuta amatanthauza botolo lija la kukhitchini, limene mayi amayang'anira.

Botololo linali pa tebulo langa, la malita awiri, ndipo poti kunja kunali kozizira kwa Juni kuja, mafuta ake anali atagona, pansi poyera mbuu ngati phala. Ndinafunsa kuti kale lisanaletsedwe limatha masiku angati, mayi akuti masabata awiri. Ndinawerengera pompo, 2000 ml kugawa masiku 14 kugawa anthu 6, zikupereka pafupifupi 24 ml pa munthu patsiku, supuni yaikulu imodzi ndi theka. Si zambiri zimenezo. Tinalimbana ndi botolo losalakwa kwenikweni, uku chiwaya ndi shuga zikupitirira osakhudzidwa.

Apa ndiyenera kufotokoza zimene ndinapita kukawerenganso usiku umenewo, chifukwa ambirife kusukulu tinangophunzira kuti mafuta ndi oipa basi. Mafuta a m'chiwindi sachokera m'mbale mokha. Kafukufuku wa Donnelly ndi anzake wa 2005 anapeza kuti mwa anthu a chiwindi chonona, pafupifupi 59% ya mafutawo imachokera m'mafuta osungidwa m'thupi momwemo amene amatayikira m'magazi insulin ikasiya kumveredwa, 26% chiwindi chimapanga chokha kuchokera ku shuga ndi zakudya za sitachi, ndipo 15% yokha ndi imene imachokera mwachindunji ku mafuta a m'chakudya. Ndiye bambo aja pochotsa nsinjiro n'kuonjezera nsima yoyera, tiyi wotsekemera ndi zakumwa za m'mabotolo, anangopatsa chiwindi zipangizo zambiri zopangira mafuta ake. Shuga wa patebulo theka lake ndi mtundu wa shuga wotchedwa fructose, ndipo fructose amakathera m'chiwindi kwambiri. Ma triglyceride kukwera kuja n'chifukwa chake.

Koma sikuti mtundu wa mafuta ulibe ntchito, uli nayo yaikulu. Ku Uppsala m'dziko la Sweden anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2014, anatenga achinyamata athanzi n'kumawadyetsa timakeke toonjezera kwa masabata 7, gulu lina timakeke tophikira mafuta a palm, lina a mpendadzuwa. Magulu onse ananenepa mofanana, pafupifupi 1.6 kg, koma a palm aja mafuta a m'chiwindi anakwera kwambiri, pomwe a mpendadzuwa anaonjezera minofu yambiri. Ku Helsinki mu 2018 anadyetsa anthu onenepa ma calorie 1000 oonjezera patsiku kwa masabata atatu, mafuta a m'chiwindi anakwera 55% mwa amene anapatsidwa mafuta a saturated (olimba), 33% mwa a shuga, ndi 15% mwa a mafuta a unsaturated (osalimba). Manambala amenewa ndimawasunga pamtima tsopano chifukwa akuonetsa ndondomeko ya adani, woyamba mafuta olimba, wachiwiri shuga, ndipo mafuta a mtedza ndi mpendadzuwa ali kumapeto.

Kwa odwala sinditchula saturated kapena unsaturated, ndimati mafuta ogona ndi mafuta osagona. Aliyense anaonapo m'mene msuzi wa mbuzi kapena wa ng'ombe umachitira ukazizira, pamwamba pamauma zoyera zija zomata m'kamwa. Amenewo ndi ogona, ndipo ali m'nyama yonona, linunda, zam'kati, chikopa cha nkhuku, soseji, batala, ndi mafuta a kokonati amene ena akuwatamanda masiku ano pomwe ndi olimba kuposa onse. Mafuta a palm pafupifupi theka lake ndi otere, n'chifukwa chake botolo lija linagona mu Juni. A mpendadzuwa ali ndi olimba pafupifupi 10% basi, a soya cha m'ma 15%, ndipo sagona ngakhale kuzizire bwanji ku Lilongwe kuno. Mtedza ndi mapeyala ali ndi mafuta ambiri a monounsaturated, gulu lomwe lija la mafuta a olive amene timawaona m'mashopu akuluakulu pamtengo woopsa. Usipa, matemba ndi nsomba zina zili ndi omega-3 amene amatsitsa ma triglyceride, ndipo tikamadya ndi minga yomwe timapezanso calcium. A WHO amati mafuta olimba asadutse 10% ya mphamvu za chakudya cha tsiku, kwa munthu wodya ma calorie 2000 ndi magalamu 22 okha, ndiye mbale imodzi ya kanyenya wonona ndi tchipisi mungaone nokha kuti ikufika pati.

Pali gulu lachitatu, ma trans, amene amapangika mafuta amadzi akaumitsidwa kufakitale. Amapezeka m'majarini ena olimba ophikira, mabisiketi ndi makeke ena a m'mapaketi, pa pepala pamalembedwa partially hydrogenated. Amenewa amakweza LDL n'kutsitsa HDL nthawi imodzi, a WHO amati asafike 1% ndipo mu 2018 anapempha maiko onse kuti awachotse m'zakudya. Za chiwaya, vuto lake n'loti mafuta omwewo amatenthedwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, mawa kuonjezeramo ena pamwamba, mpaka kuda ngati oyilo wa galimoto n'kumachita thovu. Mafuta akapsa mobwereza chonchi amaonongeka n'kutulutsa zinthu zosafunika m'thupi, kuonjezera apo nyama ya mbuzi ija imasungunukira momwemo ndiye tchipisi chimamwa mafuta ogona. Sindikunyoza anyamata a chiwaya, mafuta akwera mtengo ndipo nawo akusaka ya sopo, koma munthu wa chiwindi chotere sangadye pamenepo kasanu ndi kamodzi pa sabata.

Ndinapepesa kwa onse awiri, ndinati uphungu woyamba uja ndinaupereka mwachidule kwambiri, kulakwa n'kwanga. Mayi anapumira m'mwamba, akuti ana akhala akudandaula ndiwo ndipo wamng'ono anayamba kukana kudya. Izinso zinandipweteka chifukwa ana amafunika mafuta, mavitamini A, D, E ndi K salowa bwino m'thupi popanda mafuta, komanso mafuta ophikira a m'mabotolo kuno amaikidwa vitamini A. Ndinalanga nyumba yonse ndi chiganizo chimodzi.

Dongosolo latsopano tinalemba limodzi, mayi ndi amene anagwira cholembera. Mafuta abwerere m'ndiwo koma oyeza ndi supuni osati kupungula ndi botolo, ndipo pogula aziwerenga pepala, asankhe a mpendadzuwa kapena a soya ndalama zikalola. Ndinawauza kuti a palm si poizoni, akavuta kupeza enawo aphikire omwewo pang'ono, nkhondo yaikulu ili kwina. Ndiwo zotendera zibwerere, chigwada, nkhwani, bonongwe, mpiru, katatu kanayi pa sabata. Peyala theka m'mawa m'malo mwa majarini. Usipa kapena matemba kawiri katatu pa sabata, ophika ndi tomato osati okazinga mpaka kuuma. Nyemba, nandolo, soya pieces. Nyama kawiri pa sabata, yochotsa zoyera zija isanaphikidwe, nkhuku yosenda chikopa. Nsima ya mgaiwa mitanda iwiri, ndiwo zamasamba zichuluke kuposa nsima. Shuga m'tiyi kutsika kuchoka pa anayi kupita awiri, kenako imodzi, sindinanene kuti asiye lero lomwe chifukwa ndikudziwa sizitheka. Zakumwa za m'mabotolo ndi juwisi zokha ndi zimene ndinati zitheretu, madzi basi. Lanchi azinyamula m'kontena kuchokera kunyumba, chiwaya kamodzi pa sabata ngati mtima wakana kupirira.

Pa mtedza ndinaima kaye pang'ono, chifukwa kumuuza munthu wa chiwindi chodwala kuti azidya nsinjiro osatchula chuku ndi kumuponya m'dzenje lina. Chuku cha mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saphedwa ndi kuphika kapena kukazinga, ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi makamaka akakumana ndi hepatitis B. Ndinapempha mayi kuti azigula mtedza wosasinja, asankhe okha kutaya wonyala, wobooka, wosintha mtundu ndi wowawa, asunge pouma, asinje okha. Nsinjiro zogula zosinjasinja sudziwa kuti munalowa mtedza wotani.

Kuyenda tinagwirizana mphindi 30 masiku asanu pa sabata, kuti zikwane 150 zimene timalimbikitsa, m'mawa asanapite kotsegula shopu, kuyenda kwa ndawala kotulutsa thukuta. Kuyenda kumachepetsa mafuta a m'chiwindi ngakhale sikelo isanasunthe, ndinawauziratu zimenezi kuti asagwe ulesi. Cholinga cha sikelo ndinachiika pa manambala ogwirika, kutaya 3 mpaka 5% ya thupi kumachepetsa mafuta a m'chiwindi, 7 mpaka 10% kumachepetsa kutupa ngakhalenso zipsera. Kwa iwo 7% inali 91 kg, 10% inali 88 kg. Ndinawachenjeza kuti asadzikhaulitse ndi njala kuti zitsike msanga, theka la kilo pa sabata n'lokwanira.

Mankhwala sindinaonjezere ambiri. Metformin, mankhwala a shuga, sindinayambe chifukwa shuga anali asanafike, ndipo metformin payekha sachiritsa chiwindi chonona. Vitamini E wa mlingo waukulu sindinapereke, umboni wake uli pa anthu amene anawatenga kachidutswa ka chiwindi n'kutsimikiza kutupa, ife sitinafike pamenepo. Statin, mankhwala otsitsa LDL, ndinamuganizira kwambiri. Anzathu ambiri amaopa kupereka statin ALT ikakwera pang'ono, koma pa chiwindi chonona chopanda cirrhosis (kulimba kwa chiwindi ndi zipsera) ndi wotetezeka, ndipo tisaiwale kuti anthu amenewa chimene chimawapha kwambiri ndi mtima ndi sitiroko, osati chiwindi chenichenicho. Tinagwirizana kupereka mpata wa miyezi itatu ya kadyedwe koyenera kaye, LDL ikakana kutsika tiyambe.

Ndinasinthanso kachitidwe kanga, m'malo mwa miyezi itatu ndinati azibwera mwezi uliwonse kudzakwera sikelo ndi kuyeza BP kwa anamwino, osalipira zoonana ndi ine. Ogasiti 94.5 kg. Kumapeto kwa Seputembala 92 kg, tepi 101 cm, ALT 49, ma triglyceride 1.9, shuga 5.9. Tulo tamasana tinatha. LDL inangotsika pang'ono kufika 3.6, ndipo poona BP, HDL yotsika, komanso kuti bambo awo anamwalira ndi sitiroko asanafike zaka 60, tinayamba statin wotchedwa atorvastatin 20 mg. Nditabwereza ALT patapita masabata sikisi inali 44, sinakwere.

Chimene sindinachiyembekezere chinabwera mu Okutobala. Mayi anabwera okha, anakhala pansi n'kuyamba ndi "adokotala, mundithandize, pakhomo pavuta." Akuti achibale akuchimuna ayamba kulankhula. Alamu awo anafunsa ngati m'bale wawo akudyetsedwa, apongozi anatumiza uthenga kuti mwana wawo waonda ngati alibe mkazi, ndipo kutchalitchi ena ayamba kunong'onezana kuti mwina ndi matenda aja. Makolala a malaya akhwepa, lamba aboola bowo lina. Kwathu kuno mimba ya bambo ndi ulemu wa mayi, ndi umboni woti bizinesi ikuyenda, ndiye munthu ukamutsitsa makilo sikisi wakhudza zambiri zimene sizili m'buku lililonse la chiwindi. Kontena ya lanchi nayo anzawo a m'tauni amawaseka nayo, akuti shopu yagwa kapena mayi akuwalamulira.

Ndinaitana bambo, tinakambirana. Sindinawauze chochita pa achibale, ndinangowapatsa mapepala a zotsatira zawo zonse, za Malichi, za Juni ndi za Seputembala, n'kuwaonetsa m'mene angafotokozere mwachidule kuti ndi BP ndi shuga zimene akuthawa, poti zimenezi anthu amazimva msanga kusiyana ndi chiwindi. Iwo anasankha okha kukawaonetsa amayi awo ndi akulu awo. Akuti atatchula za sitiroko ya malemu bambo awo nkhani inazizira. Kuyambira pamenepo ndikamayamba dongosolo lotsitsa thupi ndimafunsiratu kuti "anthu akayamba kunena kuti mwaonda, muwayankha chiyani?" ndipo ndimafunsa mayi ali pompo.

Disembala inatigwetsa monga mwa nthawi zonse. Maukwati atatu, zinkhoswe, Khirisimasi kumudzi anapha mbuzi, mvula inasokoneza kuyenda kwa m'mawa, ndipo Januwale anabwera ali 94 kg kuchoka pa 91 imene anafika mu Novembala. Anabwera ndi manyazi, anayamba kupepesa asanakhale n'komwe. Sindinakalipe, ndinangotulutsa pepala lija analemba mayi n'kufunsa kuti chagwa n'chiyani. Zinapezeka kuti zakumwa zotsekemera zinabwerera ndi alendo a tchuthi ndipo chiwaya chinabwerera masiku amene ana anatsekera sukulu poti mayi analibe nthawi yolongedza kontena. Tinakonza ziwiri zomwezo basi. Mvula ikagwa m'mawa aziyenda madzulo, ndipo kontena azilongedza okha usiku kuchokera pa ndiwo zotsala, zimene anaseka kaye koma anavomera.

Mu Malichi chaka chino, chaka chathunthu chitakwana, sikelo inati 89 kg, kutanthauza 9% yatsika kuchoka pa 98. Tepi 97 cm, ikadali pamwamba pa 94. BP 128/82 akumwabe amlodipine. ALT 34, AST 29, ma platelet 238, FIB-4 yatsika kufika pafupifupi 1.0. Ma triglyceride 1.5, HDL 1.1, LDL 2.3, shuga 5.5. Sikani yobwereza kwa munthu yemwe uja anajambula poyamba inaonetsa kuti kuwala kwachepa kwambiri ngakhale sikunatheretu, ndipo ndinawauza mosabisa kuti sikani siona bwino mafuta akachepa, ndiponso ALT yabwino siitanthauza kuti nkhani yatha. BMI ikadali 30. Khosi lija layera pang'ono, mayi akuti mwala uja anauponya kubafa ukungotsukira mapazi.

Kwa anzanga, chimene ndasintha pa tebulo langa ndi ichi, mawu oti "siyani mafuta" sindiwatchulanso kwa wina aliyense. Ndimafunsa kuti ndani amaphika, botolo limatha masiku angati pa anthu angati, masana mumadya kuti, tiyi masupuni angati, ndipo wophikayo abwere. Zimatenga mphindi 15 zoonjezera, pa Lolemba sizitheka, ndiye ndimawapatsa tsiku lina lapakati pa sabata masana mzere ukachepa. Hepatitis B ndimayeza aliyense wa ALT yokwera ngakhale mimba ikhale yaikulu bwanji, chifukwa kunenepa sikuletsa kachilombo, ndipo mayi aja ndi ana awiri akuluakulu tinawayezanso, onse ali bwino. Amene ali pa ma ARV a dolutegravir n'kumanenepa msanga ndayambanso kuwayeza tepi pamimba, osangoyamikira kuti thupi labwera.

Bambo aja tagwirizana kuti ALT, shuga ndi mafuta a m'magazi tiziyeza miyezi sikisi iliyonse, FIB-4 chaka ndi chaka, ndipo cholinga chotsatira ndi 86 kg ndi tepi yosadutsa 94. Chiwaya akuti amapitabe Lachisanu, amauza mnyamata kuti awaotchere nyama yofiira pamakala m'malo moiponya m'mafuta, tchipisi amagawana ndi wantchito wawo. Potuluka anandisiyira jumbo ya mapeyala asanu a mumtengo uja, akuti aneba ayamba kudandaula kuti masiku ano sakulandiranso. Abweranso mu Seputembala.